Fodya Sadziwa Maliro

"Vajiniya wa chiyani iwe? Iwe ndiwe wa ku London."

Anandikalipira choncho a Makwinja, pamalo oimika magalimoto kunja kwa sitolo ina ya pa Lafayette Road, kumene ife a ku Africa okhala ku Indianapolis timagulako ufa ndi nsomba zouma. Linali Loweruka masana m'mwezi wa February, chipale chitapondedwa ndi matayala mpaka kuoneka ngati phulusa lonyowa. Zaka zonse zimene ndinadziwana ndi munthu ameneyu, anali asananditchulepo kuti iwe. Kutukwanana tinkatukwanana, koma mwa inu. Thumba la ufa limene linali paphewa ndinaliponya pansi, linaphulika, ndipo ndinawagwira jekete pakhosi.

"Bwerezani," ndinatero.

"Wa ku London. Menya, ngati ndi zokhazo umadziwa."

A Gondwe, mnzathu wachitatu, anatuluka m'galimoto akutsimphina ndi bondo lawo lodwala. "Amuna inu, pano si pa Bwandilo. Mzimayi uyo watulutsa kale foni, apolisi abwera."

Nkhani yake inali ya Fanuwelo, mwana wa achemwali awo a Makwinja. Fanuweloyo anali tenanti pa esiteti yathu ya fodya ku Kasungu. Mayi ake anali chigonere ku Phalombe, akumuitana, ndipo mng'ono wanga Biniwelo, amene ankayang'anira esitetiyo, ankakana kumumasula. A Makwinja anayendetsa galimoto kuchokera ku South Bend kudzandiuza zimenezo pamaso. Koma kuti mumvetse chifukwa chake mawu oti London anandiwawa kuposa kunditukwanira mayi, ndiyambire kutali.

Ndinabadwira pa komboni ya esiteti ina kumadzulo kwa Kasungu. Bambo anga ntchito yawo inali yosonkha moto m'mabalani, nyumba zazitali za njerwa zija zoumitsiramo fodya. Fodya wa pamenepo ankamutcha Vajiniya. "Vajiniya wapsa." "Vajiniya lero sakufuna moto wambiri." "Musamugwire Vajiniya ndi manja onyowa." Ine ndili mwana ndinkayesa kuti Vajiniya ndi dona wa bwana, mzimayi wovuta amene amakhala m'balani n'kumalamula bambo anga kuti asagone. Nditakula ndinazindikira kuti ndi tsamba chabe, koma sindinafunse kuti tsamba linalitenga kuti dzina la mzimayi. Kusekondale anatiloweza pamtima mitsinje ya ku Ulaya. Za Vajiniya palibe anatiuza.

Chaka china agogo, amayi awo a bambo, anamwalira ku Dowa fodya ali m'balani. Uthenga unabwera ndi munthu wa panjinga. Bambo anavula chipewa n'kupita kwa kapitawo, ine ndi Biniwelo tikuwalondola pambuyo, titagwirana manja. Kapitawoyo sanaimirire n'komwe. Anati, "Pepani a Phiri, koma fodya sadziwa maliro. Moto ukazima mulipira ndinu?" Bambo anavala chipewa chawo, anabwerera kubalani, anaponya chikuni pamoto. Anakafika ku Dowa manda atamera kale udzu. Iwo sanalankhulepo za tsiku limenelo mpaka kufa kwawo. Ine ndi amene ndinalilankhula, kwa aliyense amene anandibwereka khutu. Anthu akamandifunsa kuti mtima wapachalawu ndinautenga kuti, ndinkati pakhomo pa kapitawo.

Ku Amereka ndinabwera imvi zitayamba kale, ntchito yanga ya ukalaliki itatha ku Lilongwe. Mkazi ndinamusiya ndi lonjezo loti ndikangopeza ya nyumba ndibwerera. Ku South Bend ndinafikira m'nyumba ina yakale ya matabwa, kufupi ndi pakati pa tauni, imene mphepo inkalowa pansi pa chitseko ngati ikulipira nawo lendi. M'menemo ndi mmene ndinapeza amuna awiriwa. A Gondwe anali a ku Rumphi, mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina kwathu. A Makwinja anali a ku Phalombe, ndipo asanabwere kuno ankagulitsa nsapato ku Limbe. Tonse atatu tinkagwira ntchito imodzi, kunyumba yosamalirako nkhalamba.

Ntchito imeneyo kwathu sitinkaitchula. Tinkangoti tili ku zachipatala. Zoona zake n'zakuti tinkatembenuza anthu, kuwasambitsa, kuwapukuta, kuwadyetsa ndi sipuni, anthu oti ana awo ali moyo ndipo amakhala tauni yomweyo. Kwathu mwamuna saona thupi la mayi wa mnzake. Kuno ndinaona matupi a amayi a anthu mpaka manyazi anandithera. Ukakana dabulo shifiti, mawa dzina lako palibe. Tinkatuluka kunja kukadali mdima n'kubwerera kutada, dzuwa kumaliona pa kalendala.

Ntchito yoyamba anandifayala chifukwa cha pakamwa. Mwana wa nkhalamba ina, amene ankabwera kamodzi pa nthawi, anandiloza ndi chala kuti bambo ake sindinawamete bwino. Ndinamufunsa kuti lumo lake walisiya kuti. Amene anandidyetsa mpaka ndinapeza ntchito ina anali a Makwinja. Ndiwonso anandiphunzitsa kudiraiva pa chipale, akundilalatira kuti ndimaponda buleki ngati ndikupha njoka. Ndipo msana wanga utagwira, nditanyamula nkhalamba ina yolemera ngati belo, a Makwinja ankagwada m'mawa uliwonse kundiveka masokosi. Ankati, "Phazi ili, a Phiri, mukanakhala nsapato sindikanakugulitsani." Ndikulemba izi kuti musaganize kuti ndinagwira pakhosi munthu wamba.

Mapepala anga ndi a a Gondwe atalongosoka, tinayamba kukonzekera mayeso a unzika. A Makwinja mapepala awo sanalongosoke. Anali m'gulu lija la anthu oti akangotuluka m'dziko lino, chitseko chatsekeka. Komabe ankakhala nafe patebulo Lamlungu masana, ati kudzatiseka. Mafunso a mayesowo anali apafupi, koma mphunzitsi ndi mphunzitsi. A Gondwe sakanalola kuti tingoloweza mayina a madera oyamba a Angerezi osadziwa kuti ankakhalamo ndani. Tsiku lina anaika patebulo kabotolo ka mchere kumtunda, buledi pakati, kenaka anasolola ndudu m'thumba la a Makwinja n'kuiika kumunsi.

"Angerezi sanabwere kuno ngati anthu amodzi," anatero. "Mfumu imodzi, chilankhulo chimodzi, koma mitima itatu. Awa a mcherewa, a kumpoto, anathawa kwawo chifukwa cha mapemphero. Anapeza dothi la miyala, kuzizira, nyengo yolima yaifupi. Ndiye anamanga midzi yothithikana, tchalitchi pakati, sukulu pambali, kuti mwana aliyense aziwerenga Baibulo yekha. Kudya ankadyera nsomba, matabwa ndi zombo."

"Akwanu amenewo," anatero a Makwinja. "Dothi lokanika, sukulu yambiri, kudzimva."

"Si kudzimva, ndi kuwerenga."

"N'chimodzimodzi."

A Gondwe anagogoda buledi. "Awa a pakatiwa, tirigu ndi madoko. Mitundu yosakanikirana, aliyense ndi tchalitchi chake, palibe wofunsa mnzake kuti umapemphera bwanji, bola malonda ayende. A ku Limbe amenewa. Akhoza kukugulitsa nsapato ziwiri za kumanzere n'kukuuza kuti vuto ndi phazi lako."

"Munthuyo anavala, ndipo anabweranso," anatero a Makwinja.

Kenaka a Gondwe ananyamula ndudu ija. "Kummwera kunali kotentha, dothi lachonde, mitsinje yoti chombo chimalowa mpaka pamunda. Awa sanabwerere Mulungu, anabwerera phindu. Minda ikuluikulu, nyumba zotalikirana, sukulu zosowa. Mbewu yake ndi iyi. Dera loyamba analitcha Vajiniya."

Ndinasiya kutafuna. "Mwati chiyani?"

"Vajiniya."

"Ndi malo?"

Nditawafotokozera za dona wa m'balani uja, a Makwinja anaseka mpaka anatsamwa. Ine sindinaseke. Ndinafunsa kuti fodyayo ankalima ndani.

"Poyamba Angerezi osauka," anatero a Gondwe. "Ankalonjeza kugwira ntchito zaka zingapo pobwezera ulendo wa pachombo. Osachoka, osakwatira popanda chilolezo cha mwini munda. Ambiri ankafa zakazo zisanathe. Kenaka eni minda anaona kuti kugula munthu wakuda kuli bwino, chifukwa iyeyo zaka zake sizitha, ndipo ana ake ndi akonso."

"Nanga amene anayambitsa zonsezi anali kuti?" anafunsa a Makwinja.

"Ambiri a iwo sanaponde n'komwe kuno. Anali ku London. Ankangosonkha ndalama, kutumiza, n'kumadikira chombo."

Mbali imeneyi ine sindinaisamale. Mutu wanga unali kubalani. Ndinkangoona kuti tsamba lomwe linatha mapapo a bambo anga linayamba kalekale kudya anthu, kutsidya kuno, ndipo linawoloka nyanja ndi dzina lake ndi khalidwe lake lomwe.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba muja munali mayina atsopano: a Gondwe Boston, a Makwinja Nyuyoko, ine Vajiniya. Anzangawo mayina awo anatha okha. Langa linakakamira, chifukwa ndinalikonda. Linali dzina la mzimayi, inde, koma ndinkalivala ngati mendulo. Pa zikondwerero za Amalawi, paja madokotala ndi aphunzitsi a ku yunivesite amaima mbali yawo, ife opukuta nkhalamba mbali yathu, ndipo munthu asanakufunse dzina amayamba wakufunsa kuti kwanu ndi boma liti, ine ndinkalitulutsa ngati chibonga. Ndinkati, "Mngerezi yemweyo anatigawa ifenso patatu. A kumpoto anakupatsani choko, a kummwera sikelo, ife a pakati khasu ndi fodya. Inu mukuwerenga, inu mukugulitsa, dziko lija tinalisenza ndife." A kummwera ankandikumbutsa za thangata ndi minda ya tiyi, ine osamva. Munthu amene bambo ake anamanidwa maliro samutsutsa. Anthu ankangoti, "Musiyeni Vajiniya, wayamba."

Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kwathu. Mkazi wanga anadikira, anatopa, anakwatiwa ndi munthu wa chigayo ku Mponela. Sindimunena. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Atachoka iye, ndinalibenso womutumizira koma Biniwelo. Ndiye tsiku lina anandiimbira foni ndi nzeru yake. Anati kuli malo akugulitsidwa, osati kutali ndi kumene tinakulira. "Akulu, ana a wosonkha moto akhale ndi esiteti yawoyawo. Bambo akaone ali kumandako." Ndinali m'galimoto pa nthawi yopuma, ndipo ndinalira ngati mwana. Malowo analembedwa m'dzina langa. Ndinagwira maovataimu mpaka miyendo inkanjenjemera ndikaima pa shawa.

Biniwelo anasankha fodya wa bale, wouma ndi mphepo m'zigafa, wosafuna moto. Koma bale amafuna manja, ndipo manja ake ndi matenanti. Banja umalipatsa gawo la munda ndi chimanga cha phoso, limalima chaka chonse, malipiro limaona fodya akagulitsidwa. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma ndinkati kwa ife zikhala zina, poti ife tikudziwa kuwawa kwake. Choncho a Makwinja atandiuza kuti mwana wa achemwali awo ali ndi mkazi ndi ana koma alibe polima, chifukwa ku Phalombe malo anatha, ndinayankha ndisanaganize n'komwe. "Atumizeni ku Kasungu. Ameneyo ndi mwana wathu." A Makwinja anandigwira chanza ndi manja awiri.

Pambuyo pake msana unandichotsa ku nkhalamba. Ndinasamukira ku Indianapolis, ndinapeza kachipinda ku Beech Grove ndi ntchito kunyumba yosungiramo katundu. Katoni ndi yolemera, koma siyitukwana ndipo siyifera m'manja mwako. Mayeso aja ndinakhoza. Nditalandira pasipoti ya kuno, ndinapita kwathu koyamba.

Pabwalo la ndege anandichingamira munthu wa mimba, mafoni awiri m'manja, makiyi a pikapu akulendewera pa lamba. Ndinachita kumuyang'anitsitsa kuti ndimupeze Biniwelo m'kati mwake. Abale anabwera ambiri. Anayeza nsapato, anayeza majekete, anadandaula kuti mafoni ndi akale. Palibe anafunsa chifukwa chake ndinkakhala pampando mopendekeka.

Kuesiteti tinafika m'mawa, nthawi ya nazale, anthu akuthirira ndi makheni. Zigafa zinali zazitali, zooneka bwino. Kuseri kwa zigafazo kunali tinyumba ta udzu, tina topanda zitseko, chiguduli chokha pakhomo. Amayi ena atationa anatula ndowa n'kugwada. "Bwana abwera." Ine ndinacheuka kuti ndione bwanayo. Biniwelo anaseka. "Akunena inu, akulu."

Fanuwelo anabwera akupukuta manja pa kabudula. Anali mwamuna wamtali, wowonda, wa maso ngati a amalume ake. Ndinamupatsa jekete limene a Makwinja anamutumizira, ndinamufunsa ngati zinthu zikuyenda. Asanayankhe anayamba wayang'ana Biniwelo. Kenaka anati, "Zikuyenda, bwana." Kayang'anidwe kameneko ndinkakadziwa. Ndinakulira m'nyumba mmene kanali ndiwo za tsiku ndi tsiku.

Pobwerera ndinamufunsa Biniwelo za tinyumba tija. Anati, "Akulu, mukawamangira za njerwa sachoka ngakhale ali aulesi. Mukawapatsa ndalama pakati pa chaka, mawa mupeza munda uli wokha. Inu mwakhalitsa kunja. Zakuno tisiyireni ife." Kenaka anaimitsa pikapu pa kamtunda kena pamene panali mtengo wa muwanga, n'kundionetsa maziko. "Apa ndi panu. Khonde liyang'ana kumunda. Mukadzatopa nako kuzizirako, muzidzakhala apa n'kumaona fodya wanu akukula." Ndinaima pa mazikowo nthawi yaitali. Ndinalibe mkazi, ndinalibe mwana, msana unali utatha. Chimene ndinali nacho pa dziko lonse chinali njerwa zimenezo ndi mng'ono wangayo. Madzulo anapha mbuzi. Ine wokalipa uja, pakamwa panadzaza nyama.

Nditabwerera kuno a Makwinja anafunsa za mphwawo. Ndinati ali bwino, jekete lamukwana.

Ndiye inafika February ija. Kuno chipale, kwathu mvula, njala, ndi ntchito yothyola fodya. A Makwinja anandiimbira foni kuti achemwali awo awatulutsa kuchipatala, madokotala ati akadikirire kunyumba, ndipo pakamwa pawo pali dzina limodzi lokha. Fanuwelo anakapempha, anamukaniza. Ya basi analibe, poti tenanti saona ndalama fodya asanapite ku okushoni. Akanati athawe wapansi, thukuta la chaka chonse likanapita, ndipo mkazi wake ndi ana akanawathamangitsa m'kanyumba kaja. Ndinati ndilankhula naye Biniwelo.

Ndinalankhula nayedi. Anati, "Akulu, tili pakati pothyola. Ndikamasula mmodzi, mawa onse amayi awo adwala. Angopirira masabata ochepa." Ndinaona kuti mwina ali ndi mfundo. Ndinaimbira a Makwinja n'kuwauza kuti mnyamatayo apirire pang'ono, fodya angochoka m'munda. Kenaka foni inaduka. Loweruka lake ndi pamene anandipeza pa Lafayette Road, poti ankadziwa kuti ufa ndimagula tsiku limenelo.

Nditawagwira pakhosi paja, sanayese n'komwe kudzimasula. Analankhula nkhope yawo ili pafupi ndi yanga.

"Ine sindingapite, ukudziwa. Ndikakwera ndege, basi, sindibwereranso, ana anga adya chiyani? Munthu yekhayo amene angagwire dzanja la mlongo wanga ndi amene wamutsekera m'khola mwako."

"Esiteti sindiyendetsa ine."

"Ndi ya ndani?"

"Ine sindinamenyepo munthu. Sindinamanepo munthu phoso. Ndili kuno, ndikusenza makatoni ngati bulu."

"Nanga a ku London aja anamenya ndani? Aphunzitsi, tandikumbutsani. Anamenya ndani?"

A Gondwe anayang'ana ufa umene unamwazika pa chipale. "Musandilowetsemo ine."

"Yankhani, munatiphunzitsa ndinu."

"Palibe," anatero a Gondwe motsitsa mawu. "Ankangotumiza."

"Wamva? Zaka zonsezi kutigonthetsa m'kutu ndi chipewa cha bambo ako. Pa ukwati chipewa, pa maliro chipewa. Ine n'kumati munthu uyu akudziwa kuwawa, mwana wa mlongo wanga akakhala pabwino. Masokosi ndinkakuveka ine, Phiri. Ndinkagwada."

Manja anga anamasuka okha. Koma pakamwa panga sipanaphunzirepo kubwerera m'mbuyo. Ndinati, "Mukanamusunga kwanu komweko, azikadya miyala ya ku Phalombe." A Makwinja anandiyang'ana, anakonza kolala ya jekete lawo, analowa m'galimoto. A Gondwe anangopukusa mutu n'kutsatira. Ulendo wonse uja kuchokera ku South Bend, sanamwe ngakhale madzi. Mwini sitolo anatuluka ndi tsache n'kundipatsa. Ndinasesa ufa wanga anthu akundilambalala.

M'mawa mwake ndinali ndi shifiti. Ndinapala chipale pa galasi la galimoto, ndinadiraiva mpaka kuntchito, ndinaima kumapeto kwa bwalo injini ikulira. Kwathu linali dzuwa la masana. Biniwelo anayankha msanga, kumbuyo kwake kukumveka wailesi ndi nkhuku.

"Akulu, mwadzuka bwanji kozizirako?"

"Fanuwelo akwere basi lero."

"Aa, akulu, nkhani ija tinamaliza."

"Umupatse ya basi, yopita ndi yobwerera. Mkazi wake ndi ana akhale pomwepo, phoso lisaduke. Gawo lake athyole ena."

"Ena ake ati? Aliyense ali ndi gawo lake. Tsamba likupsera m'munda, mvula siikuleka. Mukudziwa nokha, akulu, fodya sadziwa maliro."

Anawanena mopepuka, ngati mwambi wa makolo. Ndinazimitsa injini kuti ndimve bwino.

"Mawu amenewo unawamva kuti?"

"Kumene munawamva inu. Ndinalipo, munandigwira dzanja. Ndipo kapitawo uja sananame. Bambo akanachoka tsiku lija akanawachotsa ntchito. Sekondale yanuyo akanalipira ndani? Inu munapita kusukulu ndi moto umene uja, ine ndinatsala ndikusoka fodya. Lero muzindiphunzitsa chisoni muli ku Amereka?"

Ndinayesa kumupempha ngati mwana wa mayi anga. Ndinamuuza za a Makwinja, za masokosi, za mzimayi amene akuyang'ana kukhomo. Ndinati, "Biniwelo, mng'ono wanga, ndichitire ine." Anati akumva, koma munda ndi munda, ndipo ndikadzakhala pakhonde paja ndidzamuthokoza.

Pamenepo ndinadziwa kuti kwatsala njira imodzi, ndipo ndinadziwanso mtengo wake.

"Munda umenewo uli m'dzina la ndani?"

Wailesi ija inazima.

"Ndafunsa."

"Lanu."

"Pikapu?"

"Lanu."

"Ndiye sindikukupemphanso. Dzuwa likamalowa ndimve kuti munthuyo ali m'basi. Apo ayi, ndipeza wina woyang'anira malo anga, iwe ukaone kolowera."

Mawuwo anatuluka osalala, osakweza, opanda ukali ngakhale pang'ono. Moyo wanga wonse ndakhala ndikukalipa, koma liwu limeneli ndinali ndisanalimvepo pakamwa panga. Ndinkalimva ndili mwana, likuchokera pakhonde la nyumba yaikulu, ife titaima pabwalo.

Biniwelo anati, "Ndamva, bwana."

Fanuwelo anakwera basi tsiku lomwelo. Ndinadzamva kwa a Gondwe kuti anawapeza amayi ake akadapuma, ndipo anamuzindikira. Biniwelo esiteti akuyendetsabe, malipoti amatumiza pa nthawi yake, ndipo uthenga uliwonse umayamba ndi mawu omwewo, bwana. Chichokereni tsiku limenelo sananditchulenso kuti akulu. Maziko aja ndikumva kuti anamera udzu.

A Makwinja sindinawaimbire m'mawa umenewo. Ndinalipeza dzina lawo pa foni, chala chinaima pamwamba pake. Ndikanawauza kuti chiyani? Kuti a ku London alola?

Ndinatseka galimoto n'kulowa m'kati. Pakhomo panali kapitawo wathu, mnyamata woti ndikanamubereka, atagwira kapu ya khofi. Anayang'ana wotchi ya pakhoma, anayang'ana ine, anati ndachedwa. Ndinavula chipewa, ndinapepesa, ndinapita kukasenza makatoni.